Loweruka lino tionera Like Crazy

Mamembala anzanga, Loweruka likubwerali tikumana pamalo athu a nthawi zonse, ndipo filimu ya mwezi uno ndi Like Crazy ya mu 2011, yomwe anaiwongolera Drake Doremus. Ambiri simunaimvepo, n'chifukwa chake taisankha.

Ndi nkhani ya Anna, mtsikana wa ku Britain wophunzira ku Los Angeles, yemwe wagwa m'chikondi ndi Jacob. Posafuna kusiyana naye, akukhala kupyola masiku a viza yake. Atapita kwawo n'kufuna kubwereranso, akumubweza pa bwalo la ndege. Kuyambira pamenepo chikondi chawo n'cha pa foni, maulendo a apo ndi apo, ndi nsanje.

Chomwe ndikufuna tidzakambirane kwambiri ndi kapangidwe kake. Anaijambula ndi kamera ya Canon 7D, yojambulira zithunzi wamba, pa ndalama pafupifupi $250,000. Felicity Jones ndi Anton Yelchin, omwe akusewera ngati Anna ndi Jacob, sanapatsidwe mawu oloweza pamtima. Ankatsatira ndondomeko ya nkhani, mawu n'kumapeka okha. Mudzatchere khutu akamakangana: amadulana pakamwa, kenako zii, ngati anthu enieni. Kwa ine, pamenepo ndi pamene pali mphamvu ya filimuyi. Inapata mphoto yaikulu ya Grand Jury Prize pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu 2011.

Amene mukubwera ndi mlendo, dziwitsani alembi pofika Lachisanu kuti mipando ikwane.