Malaya a nkhondo a timphete azipangidwa motsatira umboni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa malaya a nkhondo olukidwa ndi timphete tachitsulo, amene asilikali a ku Ulaya ankavala kalekale, chifukwa ambiri amene akupangidwa lero kuti agwiritsidwe ntchito m'mafilimu ndi m'zionetsero sakugwirizana ndi umboni umene ulipo.

Malaya amene anafukulidwa ku Gjermundbu m'dziko la Norway mu 1943, komanso zovala kumutu za timphete zimene zinapezeka pa zigaza za anthu ophedwa pa nkhondo ya ku Visby m'dziko la Sweden mu 1361, zimasonyeza kuti ntchitoyi inkafuna kuleza mtima. Mmisiri ankakulunga waya pa kachitsulo kobulungira, kumudula timphete, kusula nsonga zake kuti ziphwatalale, kuziboola n'kukhomapo kamsomali kakang'ono kwambiri, ndipo kamphete kalikonse kankakolowekedwa mu tinzake tinayi. Pa malaya a ku Gjermundbu, mizere ya timphete tokhomedwa imasinthana ndi ya timphete topanda msoko.

Opanga ambiri lero amangokumanitsa nsonga za waya osakhoma, mwina pofuna kutsitsa mtengo, koma timphete totere timakanuka mkondo ukangolasa, ndiye oonerera amatsala akuganiza kuti asilikali akale ankadalira chovala chosalimba.

Ine wowerenga wanu,
Zomba