Jezi yobiriwira ija sindinachite kugula

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhe bambo wina amene ndinakwera naye minibasi imodzi pochoka ku depoti ya Lilongwe kupita kwathu ku Dedza. Dzina lawo sindilidziwa, komanso anatsikira pa Nathenje ine ndisanatsegule pakamwa. Tsikulo ndinavala jezi yobiriwira ya Springboks, timu ya rugby ya dziko la South Africa. Bambowo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka n'kuuza minibasi yonse kuti: "Matchona awa! Kumeneko amawathamangitsa ngati agalu, koma akafika kuno azititama ndi malaya a omwe amawamenyawo." Anthu anafa nacho chiseko. Kondakitala naye anaseka mpaka kuiwala chenji changa.

Bambo, za kuthamangitsidwazo simunaname. Ndinapita ku Joni mu 2014, ndipo chaka chotsatira, pamene ziwawa zodana ndi obwera zinabuka ku Durban mpaka boma lathu kutumiza mabasi okatenga anthu ake, ine ndinagona masiku anayi chikwama chili chomangamanga pamutu pa bedi. Dzina loti kwerekwere ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse. Choncho musaganize kuti ndine mwana woti sadziwa kumene kumatentha moto. Koma mbiri ya jeziyo simuidziwa.

Ndimachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Atteridgeville, mu mzinda wa Pretoria, ndipo ndimagwira ntchito pa nazale ya maluwa. Lamulungu pa 15 Okutobala 2023, masana, ndinayenda wapansi kupita ku bwalo la Lucas Moripe nditafunda mbendera yathu. Atsikana athu a Scorchers anakwapula Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA koyamba m'mbiri. Tinavina, tinakuwa, ndinabwerera kunyumba mawu atasasa ngati tambala wa chitopa.

Usiku womwewo, 9 koloko, a landilodi anga anagogoda. Ndi nkhalamba yopuma pantchito, yosakonda zoyankhulayankhula. Anati ndibwere pabalaza, Springboks ikusewera ndi eni bwalo, France, ku Paris mu kotafainolo ya chikho cha dziko lonse cha rugby, ndipo wogonja alongedza. Ndinalowa mbendera ya Malawi ikadali paphewa. Rugby ndinkaiona ngati ndewu ya anthu onenepa olimbirana dzungu, ndiye madalawo anayamba kundimasulira pang'onopang'ono: mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja, umapita cham'mbuyo, ukakaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani ndi mapointi 5, ndipo akakupatsa mwayi woumenya n'kudutsa pakati pa milongoti ija uwonjezera 2.

Awiri amenewo ndiwo anandigwira mtima. M'chigawo choyamba, France itagoletsa, Thomas Ramos anaika mpira pansi kuti awonjezere mapointi awiriwo. Nthawi zambiri osewera a timu inayo amangothamanga mwamwambo chabe, podziwa kuti safika. Koma Cheslin Kolbe, kamunthu kakafupi kuposa onse m'bwalomo, kanaliyatsa liwiro ngati kakuthawa njuchi, n'kukautchinga mpirawo ndi manja uli m'malere. Masewero anatha 29-28. Werengani nokha, Akonzi, kuti popanda liwiro limenelo ndani akanalongedza.

Wezulo yomaliza italira, madala aja analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jezi ya mwana wawo yemwe anasamukira ku Cape Town. Anandiponyera pamiyendo n'kunena kuti masana ndapambana ndi kwathu, usiku ndapambana ndi kwawo, ndiye ndisachoke pampando umenewo mpaka chikho chithe, ndabwera ndi mwayi. Jezi imene munaiseka ija ndi imeneyo. Inathina pang'ono m'khwapa, koma mphatso sasinthitsa.

Madala omwewa anandiuza kuti ali mnyamata, nthawi ya tsankho, ankachemerera timu iliyonse yosewera ndi Springboks, makamaka All Blacks ya New Zealand, poti Springboks inali timu ya Mabunu. Ngakhale mu 1995, pamene Nelson Mandela anavala jezi nambala 6 pa Ellis Park popereka chikho kwa Francois Pienaar, iwo akuti anangoombera m'manja Mandelayo, osati timu. Mtima unadzatembenuka mu 2018 pamene Siya Kolisi, mnyamata wa ku Zwide woleredwa ndi agogo ake mu umphawi wogona ndi njala, anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala kaputeni. Ngati munthu amene anapsa ndi tsankho zaka zonsezo anafika povala malaya obiriwirawo, ine wa ku Dedza ndingawakane pa mlandu wanji?

Sabata yotsatira England inatsogola pafupifupi masewero onse mvula ili wawawa, mpaka Handré Pollard anamenya penate ya kutali, chapakati pa bwalo, kutatsala mphindi ziwiri: 16-15. Fainolo ya pa 28 Okutobala ndinakaonera pa shabini ya m'dera lathu chifukwa pabalaza panadzaza adzukulu. Pollard yemweyo anamwetsa mapenate anayi, kaputeni wa New Zealand Sam Cane anaona kadi yofiira, koma ngakhale anali operewera anyamata a All Blacks sanafooke. Chakumapeto Kolbe naye anatulutsidwa ndi kadi yachikasu, ndipo kanema anamuonetsa atakhala panja atabisa mutu mu jezi, osafuna kuona. Ifenso tinali chimodzimodzi. Mayi wina anagwada pansi pa tebulo kupemphera, botolo lili m'manja. Zinatha 12-11. Masewero atatu otsatizana, onse kupambana ndi pointi imodzi, n'kutenga chikho kachinayi pambuyo pa 1995, 2007 ndi 2019.

Amene anandinyamula m'mwamba usiku umenewo, misozi ili chuchuchu, anali neba wina yemwe miyezi ingapo m'mbuyomo anandifunsa pa mpopi kuti ndibwerera liti kwathu. Musaganize kuti ndikuuzani zoti anasintha. Patatha masabata awiri tinakumana pa siteji ya mataxi, moni wake anali wa mphuno. Rugby siinandipatse chitupa, siinanditsitsire lendi. Inandipatsa mausiku atatu amene palibe anandifunsa kumene ndinachokera, ndipo kwa munthu wokhala m'dziko la eni, zimenezo sizochepa.

Tisaiwalenso kuti mu timu imeneyi munadutsa mkwerekwere mnzanga. Tendai Mtawarira anabadwira ku Harare. Andale ena anachita phokoso kuti mlendo akuvaliranji jezi ya dziko, mpaka anayamba waima kusewera kufikira atapatsidwa unzika mu 2010. Anadzasewera masewero 117, ndipo mu fainolo ya 2019 ku Yokohama, pamene England inagwa 32-12, iye ndi anzake a kutsogolo anakankha Angerezi mu scrum, paja amakolekerana mapewa n'kumakankhana polimbirana mpira, ngati ngolo yopanda mabuleki. Akangogwira mpira bwalo lonse linkabangula dzina lake lija loti "Beast". Anzathu a ku Zimbabwe amene ndimagwira nawo ntchito amamutchula ngati mbale wawo wa bere limodzi.

Chinandiseketsa m'minibasi muja n'choti kondakitala amene ankaseka kwambiriyo anali atavala jezi ya Arsenal. Kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa anthu amagona ndi njala Manchester United ikaluza, ena mpaka kuswana mitu m'mavidiyo sho, koma sindinamvepo wina akuwanena kuti agulitsa dziko kwa atsamunda. Ine amene ndikuchemerera timu ya mu Africa muno, ya dziko limene thukuta langa limagwera, ndiye ndalakwa? Za Flames musandiphunzitse. Usiku umene Gabadinho Mhango anamenya chigoli chija cha kutali ndi Morocco mu Januwale 2022, ndinakuwa mpaka a landilodi anatuluka ndi chibonga poganiza kuti kwalowa akuba.

Kwa inu Akonzi, pempho langa n'laling'ono. Chikho chotsatira chidzachitikira ku Australia mu 2027, ndipo aneba athu a Zimbabwe, ma Sables, adzakhalako atagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala mu Julaye 2025. Anakaonekako komaliza mu 1991. Patsamba lanu la masewero muzitiikirako zotsatira zake, ngakhale mizere itatu pansi pa nkhani za Bullets ndi Wanderers.

Jezi ija ndabwerera ku Joni ndilibe. Mphwanga wa sitandade 6 anaiona pachingwe amayi atachapa, akuti wakonda kagwape kali pachifuwapo, ndipo pano akupita nayo kobusa mbuzi. Imamufika m'mawondo. Sindinapezebe mawu okawauza a landilodi.

Mtchona wa ku Dedza,
Atteridgeville, Pretoria