CV ya papepala idakali ndi ntchito, koma ikusaukitsa ofuna ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yafala masiku ano yoti CV ya papepala inatha ntchito, ndipo wofuna kulembedwa azingodalira imelo ndi LinkedIn, tsamba la pa intaneti lofunirapo ntchito. Ambiri onena zimenezi amakhala m'maofesi a ku City Centre ku Lilongwe kapena ku Ginnery Corner ku Blantyre, komwe kompyuta ili patebulo lililonse. Ine ndimagwira ntchito pa kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pa boma lina m'chigawo chapakati, ndipo zimene ndimaona tsiku ndi tsiku sizigwirizana ndi mawu amenewo.

Sindikutsutsa kuti mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe akuluakulu omwe si aboma ambiri tsopano amalandira makalata pa intaneti. Koma ntchito zimenezo n'zingati, ndipo amazipeza ndani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 84 pa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Mnyamata wa MSCE wofuna ulonda, mtsikana wofuna kugulitsa m'golosale, dalaivala, mmisiri wa satifiketi ya TEVETA, mphunzitsi wofuna malo pasukulu yapulaiveti, onsewa akafika amauzidwa chinthu chimodzi: siyani mapepala anu. Kapitawo wa pamalo omanga nyumba sangasiye kuwerenga matumba a simenti kuti akatsegule imelo. Ngakhale zotsatsa zambiri za ntchito za m'boma ndi m'makhonsolo, mukaziwerenga mpaka pansi m'nyuzipepala, zimathera pa keyala ya Private Bag. Envulopu ya khaki idakali pantchito ndithu.

Chimene chikundiwawa ine ndi katundu amene olemba ntchito amaunjika mu envulopuyo. Amafuna kalata, CV, fotokope ya satifiketi iliyonse kuyambira JCE, fotokope ya chiphaso cha unzika, nthawi zina zithunzi, komanso makalata a anthu okuchitira umboni. Ena amawonjezera kuti mafotokopewo akadindidwe ndi wolumbiritsa. Zonsezi pofunsira chabe, munthu asanaonedwe n'komwe nkhope.

Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mapepala ndi inki zinakwera, pakuti zonse zimachokera kunja, ndipo ife tinakwezanso mitengo. Bwerani mudzaime pakauntala yathu tsiku loti mawa lake akutseka kulandira makalata. Mudzaona mtsikana atayala mapepala ake, akuwerenga ndalama zamakwinya m'manja, kenako n'kuchotsa tsamba limodzi kuti zikwane. Amafunsa kuti, “Achimwene, ya JCE ndingaisiye?” Ndalama yotsalayo ndi ya kabaza wopita ku positi ofesi, kapena ya minibasi ngati akufuna kukapereka pamanja poopa kuti kalata ichedwa. Nthawi zambiri ndalama imeneyo yachokera ku ndowa ya chimanga imene mayi ake agulitsa. Mwezi wamawa kutuluka ntchito ina, ayambirenso. Yankho kulibe, chifukwa pansi pa chotsatsa analemberatu kuti adzaitana okhawo amene asankhidwa.

Ine ndimadya pa mafotokope omwewa, koma sindikondwera nayo ndalama yotere.

Nanga mapepala a anthu osasankhidwawo amapita kuti? Tsiku lina ndinagula zitumbuwa pamsika, ndipo pepala lokulungira linali CV ya munthu: dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni yake ndi za anthu omuchitira umboni, zonse zikuwerengeka pakati pa mafuta. Wina anazitulutsa mu ofesi n'kugulitsa ngati mapepala otha ntchito. M'dziko limene akuba amaimbira anthu foni n'kumati mwapeza ntchito, tumizani ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, pepala ngati limenelo ndi chuma kwa wakuba. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Ndikufuna kumva akutiuza poyera zimene ofesi iyenera kuchita ndi milu ya makalata ikamaliza kusankha anthu.

Ena anganene kuti tingosiya makalata, anthu azibwera okha. Tinaona mu 2020 pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu kuti angofika pa mayeso a ntchito popanda kusefa kaye. Chinamtindi cha achinyamata chinakhamukira kumalo amenewo, ndipo ku Mzuzu anthu ambiri anavulala popanikizana. Kusefa n'kofunika, ndipo kwa anthu ambiri kuno pepala ndiyo njira yokhayo yolowera m'sefamo.

Pempho langa kwa olemba ntchito, makamaka boma lomwe ndilo limalemba anthu ambiri, ndi lakuti poyamba muzifuna kalata ndi CV basi. Masatifiketi enieni munthu adzabwere nawo tsiku la intavyu, muwaone ndi maso, ndipo ngati mukukayika mufunse ku MANEB kapena kusukulu imene anaphunzira. Fotokope yodindidwa siinaletsepo wachinyengo aliyense. Muzitsegulanso makomo onse awiri, wa imelo atumize pa imelo, wa envulopu asiye pa ofesi ya DC kapena ya zantchito ya m'boma lake, m'malo moti akwere basi kupita ku likulu.

Kwa achinyamata anzanga ndinene mosabisa. Musamabwere n'kunena kuti, “Mungosintha dzina pa CV ya uja.” Ma CV otere amafanana ngati yunifolomu, aliyense wolimbikira, aliyense woopa Mulungu, ndipo wowerenga amatopa asanafike pa wachisanu. Lembani zimene munachitadi. Ngati munasungapo mabuku a banki m'khonde, lembani. Ngati munagulitsapo feteleza m'shopu nyengo ya dzinja kapena munathandizapo kusikelo ya ana, lembani ndipo tchulani chaka. Masamba awiri akwana. Tikakutayipirani, musachoke ndi pepala lokha, tiuzeni tikutumizireni PDF pa WhatsApp kuti ntchito ya pa intaneti ikatuluka musajambule pepala lopindikapindika ndi foni n'kutumiza chithunzi chosaoneka bwino. Makampani ena amayamba kusefa ndi kompyuta, ndipo chithunzi chotere chikhoza kutayidwa munthu asanachione. Ndipo wina akakupemphani ndalama kuti CV yanu ifike kwa bwana, musatumize, kaneneni kupolisi.

Wowerenga wanu,
Wotayipa makalata,
Chigawo chapakati