Dandaulo pa kugwa kwa seva ndi backup yosabwezeretseka

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Tikulemba kuchokera ku nthambi ya zamakompyuta ya bungwe lathu, lomwe limasunga database (nkhokwe ya deta) ya makasitomala pa seva yanu (kompyuta yaikulu yosungira deta) ndipo limalipira ndalama yapadera ya backup (makope a deta osungidwa padera) mwezi ndi mwezi. Seva itagwa, backup imeneyo sinatithandize. Yankho lanu loti disiki inafa silikutikhutiritsa, pakuti disiki iliyonse imafa, ndipo n'chifukwa chake timalipira.

Ma log (zolemba za makina) amene munatitumizira akuonetsa kuti seva inali pa RAID 5 ya madisiki anayi, njira yogawira deta pa madisiki angapo kuti imodzi ikafa deta isatayike. Disiki yoyamba itafa, makina anapitiriza kuyenda ndi atatu otsalawo popanda woisintha, chikhalirecho SMART, njira imene disiki imadziyezera yokha, inali itachenjeza kale za ma sector (tizigawo ta disiki) owonongeka pa disiki inanso. Mutaika yatsopano, kumanganso RAID kunafuna kuti disiki iliyonse yotsala iwerengedwe yonse yathunthu, ndipo yofookayo inafera pomwepo. RAID 5 imapirira imfa ya disiki imodzi yokha. RAID 6 imapirira ziwiri.

Chotiwawa kwambiri n'choti kope la usiku uliwonse munkalisunga pa RAID yomweyo, choncho linapita limodzi ndi database. Makope ochepa amene anapezeka pa makina ena ndi oduka. Malo pa disiki ya makinawo anali atatha, mysqldump, pulogalamu yokopera database, inkalekera panjira, koma script yanu ya cron, yoyambitsa kukopera usiku uliwonse, sinkayang'ana exit code (nambala yosonyeza ngati ntchito yatheka kapena yalephera), ndiye inkalemba kuti zonse zayenda bwino. Wina akanangotsegula fayilo imodzi akanaona kuti mzere womaliza wa "Dump completed" palibe. Binary log, kaundula wa kusintha kulikonse kwa mu database, nayo inali yozimitsa, moti ngakhale kope labwino likanapezeka, ntchito ya tsiku lonselo ikanatayikabe.

Izi si zachilendo kwa aliyense wogwira ntchito imeneyi. Pa 31 January 2017, kampani ya GitLab inataya deta ya maola pafupifupi 6 itazindikira mochedwa kuti pg_dump yake, pulogalamu yokopera database ya PostgreSQL, inkalephera mwakachetechete chifukwa cha kusiyana kwa version ya PostgreSQL. Mu March 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala amene makope awo anali pamalo omwewo anatsala manja ali m'khosi.

Tikupempha kuti makope akhale atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba yanu ya maseva, pamalo poti ngakhale amene waba password ya root (akaunti yolamulira seva yonse) sangalifufute. mysqldump iziyenda ndi --single-transaction kuti matebulo a database a mtundu wa InnoDB akopedwe mogwirizana, ndipo binary log iyatsidwe n'kumatumizidwa kunja mphindi 15 zilizonse. Uthenga wochenjeza uzifika kwa inu ndi kwa ife backup ikalephera, ikapanda kuyamba n'komwe, kapena fayilo ikachepa mwadzidzidzi poyerekeza ndi ya dzulo lake. Ndipo kamodzi pamwezi muzibwezeretsa kope pa seva yoyeserera, kuwerenga mizere ya m'matebulo akuluakulu ndi kutitumizira zotsatira pamodzi ndi nthawi imene ntchitoyo yatenga. Mfundo yomalizayi sitigonjapo. Mumgwirizano mulembedwenso momveka maola amene mudzatenge kudzutsa seva ikagwa, ndi kuchuluka kwa deta imene ingatayike zikavutitsitsa.

Tikufunanso lipoti lolembedwa la zomwe zinachitika pasanathe masiku 14, komanso kuti mutibwezere ndalama za backup za miyezi yonse imene makope anali oduka.

Pakadali pano, chonde madisiki anayi aja musawafufute, musawabweze kwa ogulitsa, ndipo musayesenso kumanga RAID pa iwo. Yambani mwakopera iliyonse ndi ddrescue, pulogalamu yokopera madisiki owonongeka, kupita pa disiki yatsopano, ndipo kuyesa konse kopulumutsa deta kuchitikire pa makope amenewo. Tiuzeni tsiku loti katswiri wathu adzakhalepo pochita zimenezi.

Ife makasitomala anu,
Nthambi ya Zamakompyuta