Kwa mayi a gallery ya nsalu kumayadi kuja, nsalu zathu ndi madola athu zili kuti?

Mayi, ndalemba pano pa Facebook chifukwa ku WhatsApp mukungowerenga osayankha, timizere tiwiri tabuluu ndikumationa ndithu, foni ndikaimba akuyankha ndi mtsikana wanu uja kuti madamu atuluka, madamu ali pa miting'i, madamu apita ku Johannesburg abwera Lachinayi. Lachinayi lake liti kodi? Dzina lanu ndi la malo anu sinditchula lero, mukudzidziwa nokha, ndipo ndikudziwa kuti muwerenga chifukwa dzulo lomweli mwaika zithunzi za chionetsero chatsopano.

Ndalemba dala m'Chichewa. Tsiku loyamba lija mutatipeza tikugulitsa pamsika wa pawikendi munamva ine ndi anzanga tikuyankhulana, inu nkutembenuka kuti "aaa kani ndinu akwathu?" Munatiuza kuti amayi anu anali a ku Ntcheu, munati tisamati madamu tiziti achemwali, ndipo ife mitima inagwa pansi pompo. Ndiye poti chibalecho munachiyamba m'Chichewa, nkhaniyinso muimve m'Chichewa momwemo.

Kwa amene simukutidziwa, ndife amayi asanu a ku Mufakose kuno ku Harare, Zimbabwe, tonse makolo athu anachokera ku Malawi nthawi ya Federation ija, ena kale kuposa pamenepo. Timakumana pakhonde pa agogo amodzi Lachiwiri ndi Lachisanu, ena amasoka zigamba kupanga zithunzi ngati mmene amachitira amayi a ku Weya, dera la kumudzi lotchuka ndi luso limeneli, agogowo amapeta ndi singano, ine ndimapanga batiki ya phala, imene kuno amati sadza batik. Ku National Gallery ija ya pa Julius Nyerere Way sitinayesepo nkomwe kugogoda, tinkaona ngati kumeneko nkwa anthu a madigiri. Ndiye munthu atabwera kuti ndili ndi kamalo kakang'ono ka nsalu zokhazokha, bweretsani ntchito zanu zipachikidwe pakhoma ngati za anthu, mukuganiza kuti tikanakana?

Mu Juni 2024 tinabweretsa nsalu 11. Makombi awiri popita, chikwama cha shangani pamiyendo, nsalu titazikulunga pa mapaipi a pulasitiki kuti zisachite makwinya. Ine ndinafunsa kuti kodi palibe pepala losayinirana, inu munaseka, munati "achemwali, pepala pa ife tokhatokha?" Munanena pakamwa kuti pa nsalu iliyonse yogulidwa gallery itenga 30 pa 100, chionetsero chikhala masabata 6, ndalama tizilandira mwezi ukamatha, zotsala tidzatenge kapena tidzagwirizanenso. Ndinalemba ndekha mndandanda mu kope la mwana wanga la masamu, dzina la nsalu, kukula kwake, mtengo, mwini wake. Kope limenelo ndili nalo pano. Kupusa kwanga nkwakuti sindinakukakamizeni kuti musayine, izo ndavomera, mwamuna wanga wandinena mokwanira musavutike kundinenanso mu makomenti.

Usiku wotsegulira tinabwera titatchena, panali vinyo ndi timasamusa, azungu ndi anthu a ma embassy, ndipo ndi maso angawa ndinaona timadontho tofiira titamatidwa pambali pa nsalu zitatu. Amene simudziwa, kadontho kofiira ku gallery ndiye kuti yagulidwa. Ya madola 180, ya 120, ya 90. Ndinaonanso bambo wina wamtali akuwerenga madola a America pathebulo panu, osati swaipi, osati EcoCash yotumizirana ndalama pafoni ija, mapepala enieni obiriwira. Pamodzi ndi 390. Mukachotsa 30 pa 100 wanu uja zathu zimatsala 273, masamu a sitandade faifi awa.

Julayi anatha, Ogasiti anatha, Sepitembala anatha. Mu Okutobala ndi pamene foni inalira, meseji ya EcoCash, ndalama ya kuno ya ZiG, 3,000 ndi timasenti. Nditafunsa munandiyankha ndi voisi noti yaitali kuti komishoni ndi 45 pa 100 chifukwa munagula vinyo ndi kusindikiza makadi oitanira anthu, komanso kuti akauntanti wanu anawerengera pa reti ya tsiku limene nsalu zinagulidwa, 14 pa dola. Mayi, tonse tili m'dziko lomwelino. Pa 27 Sepitembala 2024 Reserve Bank inagwetsa ZiG kuchoka cha pa 14 kufika pa 24 ndi kanthu pa dola imodzi, tsiku limodzi lokha, aliyense mu Harare akudziwa zimenezi mpaka ana ogulitsa ma airtime. Ndiye inu munalandira madola mu Juni, munawasunga miyezi inayi, ndalama ya kuno itagwa nkutitumizira pa reti yakale. ZiG 3,000 imeneyo pa banki inali ngati madola 120 basi, pamsewu sindinena. Kuchoka pa 273 kufika pa 120, amayi atatu agawane. Vinyoyo ife tinaitanitsa? Ine sindimwa nkomwe, ndinamwa Mazoe wothira madzi ambiri.

Komatu ndalamazo ndi mbali imodzi chabe, chimene chandilembetsa ndi nsalu yanga yaikulu ija.

Mwina mumaganiza kuti batiki ndi kungopaka penti, ndiye ndikuuzeni mmene nsalu imene ija inapangidwira. Ndi kaliko wa mamita awiri, ndinayamba ndamuchapa kuti sitachi ya kufakitale ichoke apo ayi utoto sugwira. Kenako kuphika phala la ufa woyera, losalimba ngati nsima komanso losapyapyala ngati la mwana, kulisefa kuti lisakhale ndi mibulu, kulithira mu botolo lakale la tomato sosi nkumajambula nalo mizere pansalu, nditagwada pasimenti. Phalalo liume padzuwa tsiku lathunthu kapena awiri mpaka ling'aluke, timing'alu timeneti ndi timene timabweretsa timizere tokongola tija anthu amakonda, mtambo ukangobwera wayambanso kudikira, nkhuku za aneba zikangolowa zadya chithunzi chako, musaseke zinandichitikirapo. Ukatero upake utoto mtundu umodzi umodzi, uume, uwotche ndi simbi kuti ugwire, ndipo simbiyo ndi magetsi a ZESA amene nthawi imeneyo ankabwera pakati pausiku, ndinkadzuka 1 koloko kusita anthu ali mtulo. Pomaliza kupala phala lonse louma ndi mpeni wobuntha zala mpaka kutupa, kuchapa, kuyanika pamthunzi. Masabata atatu. Kumbuyo kwake kumtunda ndinasokerera kathumba kautali kolowetsamo ndodo kuti nsalu ilendewere bwino osaboola paliponse, ndinakuonetsani kathumbako ndi chala changa.

Nditabwera mwadzidzidzi mwezi wathawu ndinaipeza ili pa windo lakumaso loyang'ana kumsewu, lija limawombedwa dzuwa masana onse, mwaikhoma ndi timisomali tinayi m'makona ngati chikopa cha mbuzi. Kathumba kanga kali lende kumbuyo osagwiritsidwa ntchito. Kufiira kuja kwasanduka ngati madzi otsukira nyama, buluu wa mtsinje watuwa, ndipo mmene mwaipindira mbali imodzi kuti ikwane pawindo mwatsala mzere, uku kowala uku kozilala. Pa misomali pachita dzimbiri. Munthu wa gallery ya nsalu osadziwa kuti dzuwa limadya utoto, zoona? Ngakhale amayi akumudzi amadziwa kuti chitenje chatsopano amayanika chotembenuza. Mtsikana wanu anandiuza mosalakwa kuti madamu anati ikhale pamenepo chifukwa imakopa anthu odutsa. Ndiye nsalu yanga yakhala ikukugwirirani ntchito ya chikwangwani miyezi yonseyi mwaulere, pano singagulidwenso ndi munthu.

Ndipo kakhadi kamene munamata pambali pake ndinakajambula, kali mu foni. Mwalemba m'Chingerezi kuti ndi chithunzi cha moyo wa kumudzi wa Chishona, dzina langa mulibe, mwangoti gulu la amayi a ku Harare. Mayi inu amene amayi anu ndi a ku Ntcheu! Nsalu imene ija ndi ulendo wa agogo anga aamuna, kuchoka ku Dedza wapansi, kuwoloka Zambezi pa Tete pa bwato, mpaka kufika kuno kukadali Salisbury kudzagwira ntchito. Anthu ali pamzere ndi timitolo pamutu mukuwaona aja akuthawa msonkho ndi njala, sakupita kumunda ayi. Agogo amenewo anakalamba ndi chitupa cholembedwa alien, ife tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, kusukulu mpaka ena kumabisa chiyankhulo chawo, zinatengera malamulo a dziko a 2013 kuti Chichewa chilembedwe pa ziyankhulo 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Ndiye ine ndijambule mbiri ya kwathu, inu muifufute ndi kakhadi kamodzi chifukwa alendo amagula msanga akamva kuti Shona? Sindikulimbana ndi anzathu a Chishona ayi, mlamu wanga ndi wa ku Murehwa ndipo nayenso anadabwa. Ndikulimbana ndi inu amene munadziwa, chifukwa nkhani ya agogoyi ndinakufotokozerani titakhala pa sofa yanu mpaka munati maso anu alengeza misozi.

Za agogo athu opeta ndiye zimandiwawa kuzinena. Ali ndi zaka zopitirira 70, maso ayamba kuchita nkhungu, ulusi pa singano amawalowetsera ndi mdzukulu. Nsalu zawo ziwiri za mbalame zija anapeta miyezi iwiri. Pakhoma palibe, pa timadontho tofiira panalibe, nditafunsa mtsikana anapita kustolo nkubwera ndi imodzi yokha, yopindidwa kanayi mu pepala la pulasitiki, ikununkha chinyontho, m'mphepete muli timadontho takuda ta nkhungu. Inayo akuti mwina inapita ku chionetsero china ku Victoria Falls, mwina. Ndani anakupatsani chilolezo chotumiza nsalu ya munthu ku Victoria Falls osamuuza? Agogowo Lachisanu lililonse amandifunsa kuti "mwana wanga, mbalame zanga zagulidwa?" ine ndimangoti tidikire agogo. Ndatopa kunamiza munthu wamkulu chifukwa cha inu.

Ndisanamizire, zabwino munachitapo. Magetsi a m'chipinda chija munawaika bwino, nsalu zathu usiku umene uja zinkaoneka ngati si zathu, ndipo mitengo munatikweza ndinu, ife tikanagulitsa theka lake pamsika. Komishoni sitikana, lendi ya kumayadi timaidziwa kuti ndi yowawa, mtsikana uja amafuna malipiro, ndipo ndafunsa anzathu osema miyala ndi ojambula akuti ma gallery ena amatenga ngakhale theka. Koma amanena poyamba, amalemba, aliyense nkusayina, katundu akalowa pali pepala akatuluka pali pepala, chikagulidwa amakuimbira. Mukanati 45 tsiku loyamba tikanakhala pansi nkuganiza, mwina tikanavomera. Osati kusintha mpira uli mkati.

Tsono zimene tikufuna ndi izi, ndipo ndazilembanso mu kope lija. Mutipatse pepala losonyeza nsalu zonse 11, iti inagulidwa liti, ndalama zingati, ndalama yake iti. Pa zitatu zija mutipatse madola 153 otsala kuti zikwane 273, madola a America monga munalandirira, ZiG yanu ija tayiwerengera kale pa 120. Nsalu yanga ya pawindo muigule inuyo pa mtengo umene munaika nokha kuchotsa 30 wanu, poti mwaigwiritsa ntchito ndinu, ndipo ngati mukufuna kuisiya pamenepo kakhadi kasinthidwe, palembedwe dzina langa ndi Dedza. Ya agogo yosowayo ibwere kapena ilipiridwe, ya nkhunguyo tikambirane pamaso pawo, mukawauze nokha ku Mufakose, adiresi mukuidziwa munabwerako kudzajambula zithunzi zoika pa peji yanu. Zithunzi zimenezonso, za manja a agogo ali ndi singano, mukuzigwiritsabe ntchito poitanira anthu ku chionetsero chimene ife mulibemo, zichotseni.

Amayi anzanga osoka, oluka, opanga batiki amene mwaitanidwa ku chionetsero chatsopanochi, ndaona mayina ena ndikuwadziwa a ku Dzivarasekwa ndi Mbare, sindikuti musapite, koma pitani ndi pepala lanu lolemba kale makope awiri, jambulani nsalu iliyonse kumaso ndi kumbuyo musanaisiye, funsani kuti ikapachikidwa khoma liti, ndipo palembedwe kuti yogulidwa ndi dola ilipiridwa ndi dola. Akakuuzani kuti ndife apachibale muziti eya achemwali, sayinani apa.

Mayi, Loweruka likubwerali 10 koloko mmawa ndidzakhala pageti panu ndi anzanga awiri, chikwama cha shangani chomwe chija ndi mapaipi athu okulungira. Nsalu zotsalazo mutikonzeretu, musazipinde, ndipo misomali ija musazule nokha mungang'ambe makona, ndibwera ndi pulayazi yanga. Mtsikana uja musamusiye yekha kuti ayankhe milandu yanu, mwanayo sanalakwe kanthu. Mukakhala kuti mwapitanso ku Johannesburg, Lolemba ndibweranso pano ndi zithunzi za windo, kakhadi, meseji ya EcoCash ndi voisi noti ija, ndipo ulendo umenewo dzina ndidzalemba.