Timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi tikugwetsa ana athu pa MSCE

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a Chingerezi kudzera m'nyuzipepala yanuyi, makamaka iwo amene akadali pa choko. Ine ndinapuma ntchito, koma masana pakhonde panga kuno ku Chilomoni pamadzaza anyamata ndi atsikana amene akubwereza Folomu 4, ndipo ambiri mwa iwo chinawagwetsa ndi Chingerezi. Tonse tikudziwa kuti ku MANEB ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza chotani. Ndikamachonga zimangirizo za anawa, cholembera chofiira chimathera pa timawu tozungulira dzina la munthu kapena la malo: in, at, on, to, from, the, he, she, they. Mawu akuluakulu amawaloweza bwinobwino. Timawu iti ndi timene timawapunthwitsa, ndipo chomwe ndikufuna kunena n'chakuti zolakwa zawozi zili ndi gwero lodziwika, lomwe ndi malamulo a Chichewa amene mwanayo amawadziwa bwino kwambiri.

Tiyambe ndi mperekezi wathu "ku". Mwana wa ku Ndirande amati "ndili ku Limbe", "ndikupita ku Limbe", "ndikuchokera ku Limbe". "Ku" ndi yemweyo katatu konse, chifukwa m'Chichewa amene amatiuza ngati munthu ali pamalopo, akulowera kumeneko kapena akubwerako ndi mneni. Chingerezi ntchito imeneyi chinaisenzetsa mperekezi: "I am in Limbe", "I am going to Limbe", "I am coming from Limbe". Tsono mwana anauzidwa ali ku pulayimale kuti "ku" ndi "to", basi, osawonjezerapo kanthu. N'chifukwa chake amalemba "I stay to Ndirande" komanso "we arrived to Limbe". Ife timangodula mzere wofiira n'kulemba "in" pamwamba, mawa abwerezanso. Mphunzitsi atangoima pa bolodi n'kulemba ziganizo zitatu za Chichewa zija kumanzere, zitatu za Chingerezi kumanja, mwana amaona yekha kuti "ku" wathu mmodzi ali ndi anzake atatu kutsidyako. Ndimachita zimenezi pakhonde pano, ndipo sipatenga nthawi kuti amve.

Kosangalatsa n'kwakuti "pa" ndi "mu" amatithandiza kwambiri tikawagwiritsa ntchito. Malo amene timawaona ngati poima kapena pokumanirana, ife timati "pa", Mngerezi amati "at": pa Ginnery Corner ndi "at Ginnery Corner", pa Wenela ndi "at Wenela", pa Kamuzu Stadium ndi "at Kamuzu Stadium". Malo aakulu okhala ndi malire, amene munthu amakhala m'kati mwake, ife timati "mu", iwo amati "in": "in Blantyre", "in Thyolo District", "in Malawi". Mwana amene amadziwa kusiyanitsa "ndikudikire pa Chichiri" ndi "ndimakhala mu Blantyre momwemuno" wadziwa kale theka la lamuloli asanatsegule buku. Pamene tisiyana ndi pa misewu ndi mitsinje. Ife timati sitolo ili mu msewu wakutiwakuti, Chingerezi chimakonda "on": "on Victoria Avenue", "on Haile Selassie Road". Tawuni yokhala m'mphepete mwa mtsinje nayonso ndi "on", monga "Liwonde is on the Shire", chimodzimodzinso chilumba, "on Likoma Island". Ndiye pali mneni "reach" amene safuna mperekezi aliyense: "we reached Zomba", pamene mnzake "arrive" amafuna "in" kapena "at". Awiriwa ndi ofunika kuwaphunzitsa tsiku limodzi, moyandikana.

Palinso "kwa". Ife a m'Blantyre timati ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, koma kwa Kachere, kwa Manase, kwa Goliyo, popeza lilime lathu limakumbukira kuti malo enawa amatchedwa ndi dzina la munthu. Chingerezi sichisiyanitsa zimenezi, chimangoti "to Bangwe", "to Kachere". Koma "kwa" akamatanthauza kunyumba ya munthu, m'pamene ana amasokonezeka. "Ndinagona kwa Mphatso" amalemba "I slept to Mphatso" kapena "I slept at Mphatso". Choyenera ndi "at Mphatso's house", kapena mwachidule "at Mphatso's". Kachizindikiro ka umwini kaja ndi kamene kakugwira ntchito ya "kwa" wathu, ndipo ana ambiri sanauzidwepo zimenezi.

Za "the" ndinene mwachangu, chifukwa m'Chichewa mulibiretu chofanana naye ndipo apa mwana ayenera kungoloweza. Mayina a anthu, matawuni, misewu ya m'tawuni ndi mayiko ambiri safuna "the". Mitsinje imafuna: "the Shire", "the Mudi", "the Zambezi". Nyanja imene dzina lake layamba ndi "Lake" sifuna: "Lake Malawi", "Lake Chilwa". Phiri limodzi silifuna: "Mount Mulanje". Mayiko ena amafuna, monga "the United States", "the Netherlands" ndi "the Democratic Republic of the Congo". Timati "the University of Malawi" koma "Mzuzu University". Banja lonse likhoza kutchedwa "the Phiris", kutanthauza a Phiri, akazi awo ndi ana. Zitsanzo zimenezi zili pakhomo pathu pomwe, ndipo mwana amagwira msanga za Mudi amene amawoloka tsiku ndi tsiku kusiyana ndi za mtsinje wa Thames.

Tsopano ndifike pa alowam'malo, pamene pamandikhudza mtima kwambiri. Mtsikana wina anandilembera m'chimangirizo chake kuti "My father they are sick and they did not go to work." Kusukulu kwake anamudula mamalikisi, ndipo anayenera kutero, popeza m'Chingerezi chiganizochi n'cholakwika. Koma taonani chimene mwanayu ankachita. Kwathu kuno kholo silitchulidwa ngati munthu mmodzi. Timati "bambo akudwala, sanapite kuntchito", timati "a Phiri abwera", "agogo ali m'nyumba, akugona". Mwana wolemekeza makolo ake pakamwa pamamulemera kunena "he" za bambo ake omubereka, chifukwa m'khutu mwake "he" akumveka ngati "iye", mawu amene akawanenera wamkulu akhoza kudzudzulidwa nawo. Ndiye amathawira kwa "they". Nditamufunsa anandiyankha kuti, "Amayi, ndingawanene bwanji bambo anga kuti he?" Mwana wotere afunika kuuzidwa momveka kuti m'Chingerezi "he" ndi "she" sanyoza munthu, ngakhale Papa kapena mfumu ya ku Britain imanenedwa choncho. Ulemu wawo amauika pa mawu aulemu otsogolera dzina: Mr, Mrs, Dr, Professor. "They" amamugwiritsadi ntchito pa munthu mmodzi nthawi zina, monga pamene sakudziwa kuti ndi ndani, "someone has left their bag", koma osati pofuna kulemekeza.

Pa mawu aulemuwa palinso mbuna. "Mr" amayenda ndi dzina la bambo, kapena mayina onse awiri: "Mr Phiri", "Mr James Phiri", osati "Mr James". Ife timati "a James" bwinobwino, n'chifukwa chake ana amasamutsira zimenezi ku Chingerezi. "Sir" poitana mphunzitsi amaima payekha, popanda dzina. Akatsagana ndi dzina ndiye kuti munthuyo analandira ulemu wapadera wa ufumu wa Britain, ndipo pamenepo amayenda ndi dzina loyamba. Bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland, amene msewu wa Glyn Jones m'tawuni muno unatchedwa dzina lake, anali "Sir Glyn Jones" kapena "Sir Glyn", osati "Sir Jones". Choncho "Sir Banda" amene ana amalemba pakalata yopita kwa ahedi si Chingerezi. Pakalata yofunsira ntchito zimenezi zimaonekera pamzere woyamba penipeni: "Dear Sir" amatsekedwa ndi "Yours faithfully", pamene "Dear Mr Phiri" amatsekedwa ndi "Yours sincerely". Wolemba anthu ntchito ku mafakitale a ku Makata amene ali ndi mulu wa makalata patebulo sachedwa kuika pambali kalata yoyamba molakwika.

Vuto lachiwiri ndi la "he" ndi "she" eniakewo. "Iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi. Pamwamba pa izo, mayina athu ambiri ndi a onse: Chikondi, Chisomo, Mphatso, Thokozani, Pemphero, Tadala. Mwana amayamba nkhani yake Chikondi ali "she", pofika ndime yachitatu wasanduka "he", ndipo wochonga mayeso sadziwanso kuti akunena ndani. Ine ndimawauza kuti asanayambe kulemba, alembe m'mphepete mwa pepala mayina a anthu a m'nkhaniyo ndi mlowam'malo wa aliyense, ndipo akamaliza awerengenso akuloza ndi chala "he", "she", "his" ndi "her" aliyense.

Lachitatu ndi kubwereza mwininkhani: "Mphatso she is coming", "The teachers they came late". Apanso gwero ndi Chichewa. Timati "Mphatso akubwera", ndipo "a" woyambirira wa mneniyo ndi mgwirizanitsi amene sangachoke ngakhale dzina litatchulidwa kale. Mwana amamva kuti pakati pa dzina ndi mneni payenera kukhala kanthu, ndiye amaikapo "she". M'Chingerezi mlowam'malo amalowadi m'malo mwa dzina, awiriwo sakhalira mpando umodzi: mwina "Mphatso is coming", mwina "she is coming".

Pomaliza pa alowam'malo pali "I" ndi "me" akaphatikizidwa ndi dzina. Ife timayamba ndi ife eni, "ine ndi Tadala tinapita", ndiye mwana amalemba "Me and Tadala went". M'Chingerezi cholemba, mnzako amatsogola: "Tadala and I went". Koma ana ena, ngakhale akuluakulu olankhula pa wailesi, anamva kuti "and I" ndiye Chingerezi chapamwamba, tsono amamuika paliponse: "he gave it to Tadala and I", "between you and I". Pambuyo pa mperekezi pamabwera "me". Njira yoyesera ndi yapafupi. Chotsani dzina la mnzanuyo muone chotsala. Palibe amene anganene "he gave it to I", choncho ndi "to Tadala and me".

Aphunzitsi anzanga, zonse ndafotokozazi sizingaphunzitsike bwino ngati Chichewa n'choletsedwa kutchulidwa m'kalasi ya Chingerezi. M'sukulu zambiri mwana akamveka akulankhula Chichewa amapatsidwa chibalo chotchetcha kapena chokolopa, ndipo mphunzitsi nayenso amaopa kulemba chiganizo cha Chichewa pa bolodi kuopa kuoneka ngati sadziwa ntchito. Mfundo za boma pa chilankhulo zakhala zikusintha. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira. Lamulo lingasinthe chotani, mwana wa ku Mbayani amalowa m'kalasi akuganiza m'Chichewa, wina m'Chiyao, wina m'Chilomwe kapena m'Chisena, ndipo zilankhulo zimenezi zimayendetsa malo ndi ulemu mofanana ndithu. Sindikunena kuti phunziro la Chingerezi lisanduke la Chichewa. Ana ayenera kulankhula, kumva ndi kuwerenga Chingerezi chochuluka. Ndikupempha mphindi zochepa chabe zoika zilankhulo ziwirizi pambalipambali pamene lamulo la china likusemphana ndi la chinzake. Mphunzitsi wa Chichewa amaphunzitsa kale za aperekezi, alowam'malo, agwirizanitsi ndi mayina amwinimwini, m'kalasi yomweyo, kwa ana omwewo. N'zomvetsa chisoni kuti iye ndi wa Chingerezi amakhala mu sitafu rumu imodzi osakambiranapo zimenezi.

Pempho langa kwa a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi, ndi lakuti m'mabuku otsogolera aphunzitsi mukhale tsamba loonetsa poyera "ku", "pa", "mu" ndi "kwa" moyang'anizana ndi aperekezi a Chingerezi, ndi lina la "a" waulemu moyang'anizana ndi "he", "she" ndi "Mr". Makoleji ophunzitsa aphunzitsi, kuphatikizapo ya Blantyre konkuno, aziphunzitsa zimenezi asanatumize achinyamata kukagwira choko. Kwa inu akonzi, ndikupempha kadanga kochepa sabata iliyonse m'tsamba la maphunziro, kofotokoza lamulo limodzi la Chingerezi m'Chichewa ndi zitsanzo za malo athu. Makolo ambiri amene amagula nyuzipepalayi ndi amene amakhala ndi ana madzulo akulemba homuweki, ndipo aphunzitsi opuma amene angalembe kadangako tilipo ambiri mumzinda muno.

Ndine,
Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre