Ndikakuimbira uli pa chiwongolero, usayankhe

Mwana wanga,

Zikomo potiperekeza mpaka kuno ku Ntcheu Loweruka lija. Bambo ako sakutha kusimba za galimoto yako, aliyense wobwera pakhomo pano akumuuza. Inenso ndinakondwa. Koma pali chinthu chimene chandisowetsa tulo, ndipo sindikanachinena pamaso pa mkazi wako ndi ana.

Ukukumbuka pa Lizulu? Msewu unali wothina ndi anthu, amayi a kachewere ndi kabichi atayala malonda mphepete mwenimweni mwa phula, akabaza akudutsana. Foni yako inalira uthenga, iwe n'kuitola pamiyendo, dzanja limodzi pa chiwongolero, chala chikuyenda pagalasi. Nthawi yomweyo kamtsikana kosenza beseni la tomato kanatulukira kuseri kwa minibasi yoima. Ndinakuwa ndine. Unaponda buleki, matayala analira, tomato anamwazika, mwanayo anangoti njo pakati pa msewu akunjenjemera. Unati, "Ndinamuona, amayi." Sunamuone, mwana wanga. Ndinali pambali pako ndipo ndinaona kumene kunali maso ako.

Usiku womwewo ndinatenga pensulo, poti uphunzitsi suchoka m'magazi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuwerenga uthenga wa pa WhatsApp kungakutengere masekondi 5, ndiye kuti wadutsa mamita 110 usakuona kutsogolo, kuposa kutalika kwa bwalo la mpira. Ngakhale utachepetsa liwiro kufika pa 50 monga zimafunikira pamalo a malonda, masekondi omwewo ndi mamita pafupifupi 70. Tsono ganizira M1 wathuyu, kuchokera ku Lilongwe kudutsa Nathenje, Linthipe, Dedza mpaka kuno. Ndi pati pamene ungayende mamita 70 uli ndi chikhulupiriro kuti sipatulukira mbuzi, ngolo, njinga yosenza makala kapena mwana wochokera kusukulu?

Ndikudziwa uyankha kuti galimoto yako ili ndi Bluetooth, umalankhula manja onse ali pa chiwongolero. Zili bwinoko kusiyana ndi kugwira foni, sindikana. Koma mtima nawo umachoka pamsewu. Tili ku Dedza unkakangana ndi munthu wa kuntchito kwanu za ndalama, ndipo unadutsa lole pamalo okhota osazindikira n'komwe. Munthu amene wakhala nawe m'galimoto amaona zimene ukuona, pakavuta amakhala chete. Wa pafoni saona kanthu, amangolankhula. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chindapusa cha apolisi apamsewu sichindidetsa nkhawa, chimenecho ungalipire n'kuiwala. Chimene chimandiopsa ndi kukuona utaima pamaso pa mayi wa mwana wa eni, ulibe choti unene. Zoterozo munthu amakalamba nazo.

Ndiye chonde, uzichita chonchi. Usanalize injini, imbira amene ukufuna kuwaimbira, tumiza za Airtel Money kapena Mpamba zimene zikudikira, ukonze mapu ngati njira sukuidziwa, kenako foni uitseke mawu n'kuiika m'chikwama kumpando wakumbuyo, kumene dzanja silingafike. Ukakhala ndi mkazi wako, foni igwire iyeyo, akuwerengere ndi kukuyankhira. Ikakhala nkhani yosadikira, patukira pambali pamalo owongoka, kutali ndi phiri kapena mlatho, uime ndithu, ndipo ulankhule mpaka umalize. Pa mzere wa magalimoto m'tauni usadzinamize kuti waima. Wanjinga yamoto amalowa pakati pomwepo iwe utaweramira foni. Abwana ako uwauziretu kuti ukakhala paulendo suyankha. Munthu wanzeru adzakumvetsa.

Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndimakuimbira kawirikawiri ukakhala panjira, kufunsa kuti wafika pati, ndipo ndikudziwa kuti umayankha chifukwa cha ulemu, kuopa kuti amayi adandaula. Ndasiya. Ndikaiwala n'kukuimbira, ilire mpaka ileke yokha, sindikwiya. Ana ako akukuonera kumbuyo kuja, ndipo wamkuluyo zaka zochepa zikubwerazi adzafuna makiyi.

Mwezi wamawa ukamabwera kudzatenga chimanga, undiuze nthawi yonyamuka. Ukafika pa Dedza uime, umwe tiyi, undiimbire uli chiimire, kuti nditereke madzi a nsima.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu.

Ndine mayi ako.